Dzimbiri pa Uvuni Wowambira Nyama

Pakati pa chigawo cha Texas, ku United States, m'matauni a Lockhart, Luling ndi Taylor komanso mumzinda wa Austin, nyama ya ng'ombe saiika pamakala oyaka monga achitira okazinga kanyenya. Kumeneko amaiwamba. Moto umayaka m'kachipinda kake pambali, nyama imakhala m'chipinda china chachitali chonga mgolo wogona, ndipo utsi wotentha umachoka kumotoko, n'kudutsa pa nyamayo, n'kukatulukira pachumuni kumapeto. Eni ake chipangizochi amachitcha offset smoker, koma m'nkhani ino tizichitcha uvuni wowambira. Kumene kuli nyama kutentha kumakhala kochepa, pakati pa madigiri 107 ndi 135 pa sikelo ya Celsius, ndipo nyama yolimba ya pachifuwa cha ng'ombe imatha maola 12 kapena kuposerapo isanafewe.

Malo akale ogulitsira nyama, monga Kreuz Market ya ku Lockhart imene inayamba mu 1900, ankawambira m'mauvuni a njerwa. Achitsulo anafala chifukwa cha amisiri owotcherera a m'dera lokumbidwa mafutali, amene ankadula mapaipi akuluakulu ndi mathanki akale n'kuwasandutsa mauvuni. Aaron Franklin, amene anayamba kugulitsa nyama yowamba ku Austin mu 2009, anatchuka akuwambira m'mauvuni opangidwa kuchokera ku mathanki a gasi a malita pafupifupi 3,800. Lero mauvuni ang'onoang'ono a mtundu womwewu ali kuseri kwa nyumba zambiri, ndipo ambiri mwa iwo amathera pa dzimbiri. Anthu amaganiza kuti moto ndi umene umamaliza uvuni. Moto umangochotsa chotetezera chitsulo. Kudyeka kwenikweni kumachitika uvuni utazizira, alendo atapita, phulusa litasiyidwa m'menemo.

Chimene dzimbiri lili

Chitsulo chimachokera ku miyala ya m'nthaka imene ayironi wake anagwirana kale ndi mpweya wa okosijeni. M'ng'anjo amalekanitsa ziwirizi ndi moto waukulu. Chikangotuluka m'ng'anjo, chitsulocho chimayamba kugwirananso ndi okosijeni, ndipo chimene chimapangika ndi dzimbiri. Kuti zimenezi zichitike mofulumira pamafunika zinthu zitatu pamodzi: chitsulo, okosijeni ndi madzi. Dontho la madzi likakhala pachitsulo, pansi pake pamayenda mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri. Mbali ina ya chitsulo imasungunukira m'madzimo, n'kukumana ndi okosijeni, n'kusanduka ufa wofiirira uja. Madzi amchere kapena a asidi amanyamula magetsi bwino kuposa madzi oyera, n'chifukwa chake chitsulo chimadyeka msanga m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja yamchere monga Galveston ku Texas komweko, kapena Durban ndi Beira kuno kwathu kum'mwera kwa Africa.

Mvula si yokha imene imabweretsa madziwo. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira pafupifupi 60 peresenti, pachitsulo pamakhala kale timadzi tosaoneka ndi maso tokwanira kuyambitsa dzimbiri. Mame a m'mawa amawonjezera.

Choipa chachikulu cha dzimbiri ndi kapangidwe kake. Aluminiyamu nayenso amagwirana ndi okosijeni, koma chimene chimapangika ndi kachikopa kopyapyala, kolimba, komatirira, kamene kamatsekereza mpweya kuti usalowe mkati. Dzimbiri la chitsulo silitero. Limatenga malo aakulu kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, motero limatupa, limang'ambika, limayoyoka. Lili ndi timabowo tosunga madzi, choncho pamene lagwira pamachedwa kuuma, ndipo pansi pake kudyeka kumapitirira. Limafufumitsanso penti kuchokera kunsi. Vutoli si la mauvuni okha. Mu 2016 bungwe la NACE International linawerengera kuti kudyeka kwa zitsulo kumawonongetsa dziko lonse ndalama zokwana madola 2.5 thiriliyoni pachaka.

Zinayi zimene zimafulumiza kudyeka

Geti lachitsulo lopentedwa bwino limatha zaka zambiri panja, pamene uvuni wogulidwa chaka chomwecho umafiira miyezi ingapo. Kusiyanaku kuli ndi zifukwa zinayi.

Choyamba ndi kutentha. M'kachipinda ka moto malawi a nkhuni amapitirira madigiri 500 mosavuta. Penti wamba sapirira zimenezo. Ngakhale penti wolimba amatopa chifukwa chitsulo chimafutukuka chikatentha n'kubwerera chikazizira, ndipo kupita ndi kubwera kumeneku kumang'amba timing'alu tolowera madzi. Dzimbiri limayambira pamwamba pa kachipinda ka moto ndi m'mbali mwake pafupifupi nthawi zonse.

Chachiwiri ndi utsi womwewo. Nkhuni ikamayaka imatulutsa nthunzi, ngakhale itauma bwanji. Youma bwino imakhalabe ndi madzi pafupifupi 20 peresenti, ndipo kuyaka kwenikweniko kumapanganso madzi ena. Nyama nayo imatuluka nthunzi kwa maola onse aja. Mu utsi mulinso timaasidi, kuphatikizapo asidi yemweyo wa m'viniga. Uvuni ukayamba kuzizira, nthunzi yowawasayi imasanduka madontho pansi pa chivundikiro, m'chumuni ndi m'makona.

Chachitatu ndi mchere. Ku Texas nyama amaipaka mchere ndi tsabola wakuda wochuluka. Madzi otuluka m'nyamamo amadontha ali amchere, n'kuuma pawaya woikapo nyama ndi pansi pa chipinda, ndipo mchere wotsalawo umakoka chinyezi.

Chachinayi, chimene chimaboola mauvuni ambiri, ndi phulusa. Aliyense amene anaonapo chidulo chikuchezedwa akudziwa kuti m'phulusa muli michere imene imasungunuka m'madzi. Waukulu mwa micherewu ndi potashi, amene amayamwa chinyezi kuchokera mumpweya ngakhale mvula isanagwe. Phulusa losiyidwa pansi pa kachipinda ka moto limanyowa lokha, ndipo likanyowa silifulumira kuuma. Madzi a phulusa akakumana ndi mafuta amawasandutsa sopo, motero amatsuka mafuta aja amene amayenera kuteteza chitsulo. Chotsalacho ndi chitsulo chopanda kanthu, chogonedwa ndi phala lonyowa lamchere kwa masabata. Mukaona uvuni wobooka pansi pomwe pamwamba pake pali bwinobwino, musafunefune chifukwa china.

Kuyeza kukula kwa vuto

Musanagule penti kapena mankhwala, yambani mwadziwa pamene dzimbiri lafika. Tengani burashi ya waya mupale pang'ono. Ngati ufa wofiira wachoka n'kusiya chitsulo chosalala, dzimbirilo ndi lapamwamba chabe, ndipo ntchito yake ndi ya tsiku limodzi. Ngati pachoka zibenthu n'kusiya timaenje, lalowa mkati, komabe chitsulo chingapulumuke malinga chikhale chochindikala. Pamalo okayikitsa gogodani ndi nyundo yaing'ono kapena kanikizani ndi sukuludiraiva. Chitsulo chabwino chimalira momveka ndipo sichigonja. Chodyeka chimalira mogontha, chimapindika, mwinanso kubooka. Pamenepo penti sangathandize. Pafunika wowotcherera adule mbali yowolayo kufikira pachitsulo cholimba, aike chigamba chatsopano. Yang'anitsitsani miyendo ndi pamene kachipinda ka moto kalumikizana ndi chipinda cha nyama, chifukwa uvuni wolemera ukathyoka mwendo moto uli m'kati umavulaza anthu.

Pali chinthu china chimene chimaopsa eni mauvuni popanda chifukwa. Kunsi kwa chivundikiro kumakanganuka zibenthu zakuda zonga penti wosupuka. Opanga mauvuni ambiri sapenta m'kati. Zibenthuzo ndi mwaye wosakanikirana ndi mafuta opsa. Zipaleni kuti zisagwere pa nyama, koma musazitenge ngati chizindikiro chakuti chitsulo chawonongeka.

Kuchotsa dzimbiri

Ntchitoyi igwireni panja, tsiku lopanda mvula, uvuni utazizira. Valani magalasi oteteza maso ndi chophimba mphuno, makamaka ngati mukugwiritsa ntchito makina opalira, chifukwa tiwaya timathothoka n'kuuluka mwamphamvu.

Yambani ndi kuchotsa phulusa ndi mafuta oundana. Kenako palani dzimbiri loyoyoka ndi burashi ya waya, mutsatize ndi sandipepa wokhakhala, mumalize ndi wosalala. Cholinga si kuti chitsulo chinyezimire. Chofunika n'chakuti pasatsale chilichonse chotupa kapena chogwedera, ndipo m'mphepete mwa penti wakale mukhale mosalala kuti madzi asapeze polowera.

Zitsulo zochotseka, monga waya woikapo nyama, zingathe kuviikidwa m'viniga. Viniga wa kukhitchini ali ndi asidi pafupifupi 5 peresenti, wokwanira kusungunula dzimbiri pakapita maola angapo kapena usiku umodzi. Madzi a mandimu amagwiranso ntchito yomweyo. Musazisiyemo masiku ambiri, chifukwa dzimbiri likatha asidiyo amayamba kudya chitsulo chenichenicho. Mukazivuula zikwecheni, muzitsuke m'madzi osungunuliramo soda wophikira kuti asidi wotsala athe mphamvu, muzitsukuluze ndi madzi oyera.

Apa ndi pamene ambiri amataya ntchito yawo yonse. Chitsulo chongotsukidwa kumene chilibe chotetezera chilichonse, ndipo chikasiyidwa kuti chiume chokha chimayamba kufiiranso pa mphindi zochepa. Chipukuteni nthawi yomweyo, muyatse moto wochepa kuti madzi obisala m'timaenje ndi m'malumikizo aphwe, ndipo muchidzoze mafuta chikadali chofunda.

M'masitolo ogulitsa zipangizo zomangira mumapezeka mankhwala osandutsa dzimbiri. Ena ali ndi asidi wa phosphoric, ena asidi wa tannic, ndipo amasintha dzimbiri lofiira kukhala chikopa chakuda cholimba. Ndi othandiza pamiyendo, pamashelefu ndi kunja kwa chipinda cha nyama. Ambiri sapirira kutentha kwa kachipinda ka moto, ndipo sayenera kupakidwa pamene chakudya chimagunda. Asidi wa m'batire ndi asidi wotsukira simenti musawayandikize n'komwe. Amawotcha khungu ndi maso, ndipo wotsukira simentiyo amasiya mchere umene umabweretsa dzimbiri loposa loyamba lija.

Mafuta m'kati, penti kunja

M'kati mwa uvuni chotetezera chake ndi mafuta ophikira. Mafuta a zomera akapakidwa mopyapyala pachitsulo n'kutenthedwa, tizigawo take timalumikizana n'kuuma, n'kusanduka chikopa chakuda cholimba chimene madzi salowa. N'chimodzimodzi ndi kuda kosalala kwa chiwaya chakale chosamalidwa bwino. Mafuta a soya, a mpendadzuwa kapena a mtedza onse amagwira. Pakani ndi kansalu paliponse, m'makoma, kunsi kwa chivundikiro ndi pawaya, kenako mupukute ndi kansalu kouma mpaka paoneke ngati simunapake. Mafuta ochuluka sauma. Amasanduka zomatamata zogwira fumbi, ndipo amanunkha akakhalitsa. Yatsani moto, uvuni ukhale pa madigiri 150 mpaka 200 kwa maola awiri kapena atatu, muusiye uzizire. Mukabwereza kawiri kapena katatu chikopacho chimakhwima. Oilo wakutha wa galimoto, amene ambiri amapaka pamitengo ndi pazitsulo za panja, asafike pa uvuni uliwonse wophikira. Muli zitsulo zapoizoni ndi mankhwala ena oyambitsa khansa.

Kunja kumafuna penti wopirira moto. Pachitini pake pamalembedwa kutentha kumene angapirire, ndipo woyenera uvuni amafika madigiri 600 kapena 650. Chitsulo chikhale chouma, chopanda mafuta ndi fumbi. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, osati kamodzi kochindikala. Penti wa mtunduwu amakhwima ndi kutentha, choncho akauma yatsani moto wochepa, muukweze pang'onopang'ono, m'kati mulibe chakudya, kufikira fungo litatha.

Pamwamba pa kachipinda ka moto penti aliyense amadzapsa ndithu. Pozindikira zimenezi, owamba nyama ambiri a ku Texas sapentanso malowa. Akamaliza kuphika, chitsulo chikadali chofunda, amangodutsapo ndi kansalu ka mafuta. Pakapita miyezi pamada bii, ndipo dzimbiri silipeza pogwira. Ena amapaka mafuta a linseed kunja konse. Amene asankha njirayi adziwe kuti nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni motambasula panja kapena muziviike m'madzi.

Mtundu wa chitsulo

Dzimbiri limadya chitsulo chochindikala ndi chopyapyala pa liwiro lofanana, koma chopyapyalacho chimabooka msanga. Mauvuni abwino a ku Texas amapangidwa ndi chitsulo cha mamilimita 6 kapena kuposa, pamene otsika mtengo a m'masitolo amakhala ndi cha milimita imodzi kapena ziwiri. Chochindikala chimasunganso kutentha mofanana, chimene nyama yowamba imafuna.

Opanga ena anasankha kuphimba chitsulo ndi galasi. George Stephen wa ku Chicago anapanga chowotchera nyama chozungulira cha Weber mu 1952, ndipo zowotchera za kampaniyi zimakutidwa ndi galasi losungunulidwira pachitsulo, lofanana ndi la mbale za enamelo. Galasi silichita dzimbiri ndipo silipsa, koma likagundidwa limatemeka, ndipo pachilondapo dzimbiri limalowa. Malo otero adzozeni mafuta, musawapale ndi waya. Njira ina ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chimene Harry Brearley anapanga ku Sheffield, ku England, mu 1913. Chimakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, amene amapanga kachikopa kodzitsekera kokha. Nachonso chimachita timadontho tofiira chikakhalitsa ndi mchere, kapena chikakwechedwa ndi waya wa chitsulo wamba amene amasiyapo tizidutswa take.

Chitsulo cha galavanaizi, chonga malata ofolera ndi waya wa mpanda, chimakutidwa ndi zinki ndipo chimapirira mvula zaka zambiri. Pamoto ndi choopsa. Zinki amasungunuka pa madigiri pafupifupi 420, ndipo akatenthedwa kwambiri amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa: kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi kubanika. Musachigwiritse ntchito ngati waya woikapo nyama kapena chigamba cha kachipinda ka moto.

Ku America anthu amapanganso mauvuni owambira kuchokera ku migolo ya malita 200, ndipo ku South Africa theka la mgolo womwewo ndi chowotchera cha braai chodziwika paliponse. Chitsulo cha mgolo ndi chopyapyala, cha milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, motero chisamaliro chake chiyenera kukhala chachikulu. Funsani chimene munali mumgolomo. Wa mankhwala a mbewu kapena wosadziwika bwino usiyeni. Umene munali petulo, dizilo kapena parafini usadulidwe ndi makina otulutsa ziphaliphali za moto usanatsukidwe bwino ndi munthu wodziwa ntchitoyo, chifukwa mpweya wotsalira m'katimo umaphulika.

Za thanzi

Ufa wochepa wa dzimbiri ukagwera pa nyama suvulaza munthu wathanzi, ngakhale umaipitsa kukoma. Dzimbiri siliyambitsanso kafumbata. Matendawa amabwera ndi bakiteriya wa Clostridium tetani, amene amakhala m'dothi ndi m'ndowe, n'kulowa pabala. Chitsulo chadzimbiri chimangopereka bala lakuya ndi dothi lobisala m'timaenje take. Amene wadzicheka nacho atsuke balalo ndi sopo, apite kuchipatala akaone za katemera.

Ngozi imene ambiri saiganizira ndi ya burashi ya waya. Kawaya kothothoka kangakanirire pawaya woikapo nyama, n'kulowa m'chakudya, n'kukabaya kummero kapena m'matumbo. Mu 2012 bungwe la zaumoyo la CDC ku America linachenjeza za zimenezi anthu angapo atavulala m'chigawo cha Rhode Island. Mukatha kupala, pukutani ndi kansalu konyowa, muyang'anitsitse powala, ndipo burashi yoyamba kuthothoka itayeni.

Chizolowezi cha pambuyo pophika

Zonse zafotokozedwa pamwambazi zimabweza zimene zawonongeka kale. Chimene chimapatsa uvuni zaka zambiri ndi zimene mwini wake amachita moto ukatha. Musazimitse moto ndi madzi, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimapindika, ndipo phulusa limasanduka matope. Tsekani polowera mpweya, makala afe okha. Uvuni ukadali wofunda palani waya, mudutse ndi kansalu ka mafuta pawayapo ndi pamwamba pa kachipinda ka moto. M'mawa mwake wolani phulusa lonse, mulithire m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivundikiro, popeza makala amatha kubisala m'phulusa ali amoyo kwa tsiku lathunthu kapena kuposa. Kuika chitsulo china chochotseka kapena njerwa zopirira moto pansi pa nkhuni kumathandiza kuti pansi penipeni pasamalandire moto ndi phulusa mwachindunji.

Uvuni uime pasimenti kapena panjerwa, osati padothi kapena paudzu, ndipo upendekeke pang'ono kuti madzi ndi mafuta azitsikira kukabowo kotulukira. Malo abwino ndi pansi pa denga lopita mphepo. Pulasitiki womangidwa mothina amatsekera chinyezi m'kati, ndipo uvuni umatuluka thukuta usiku uliwonse. Chofundacho chikhale chomasuka kunsi, ndipo chiikidwe uvuni utazizira ndi kuuma. Pachumuni pakhale kachipewa koletsa mvula, koma polowera mpweya pasiyidwe potsegula pang'ono. Musaulowetse m'nyumba kapena m'galaja makala asanafe, chifukwa amatulutsa mpweya wakupha wa carbon monoxide umene ulibe fungo. Nyengo ya mvula, kapena nthawi iliyonse imene uvuni ukhala osagwira ntchito, utseguleni kamodzi pamwezi. Mukaona kadontho kofiira kakwecheni pomwepo, mupakepo mafuta, muyatse moto wochepa.

Malamulo omwewa amagwira pa mbaula ya makala ndi pa chiwaya cha tchipisi. Mbaula imabooka pansi chifukwa phulusa limagona m'menemo, ndipo imasiyidwa pabwalo mame ndi mvula n'kuipeza. Chitsulo chimene dzimbiri ladya sichibwereranso. Wowotcherera angaike chigamba, koma chigamba chilichonse chimafuna ndalama ndipo chimabweretsa malumikizo atsopano osunga madzi. Kuwola phulusa ndi kudzoza mafuta kumatenga mphindi khumi ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira, ndipo ndi zokhazo zimene zimasiyanitsa uvuni wotayidwa patatha zaka zitatu ndi uvuni umene ana adzawambiremo nyama atakula.